Chimene a Chikhasu Anatapa M'munda wa Eugene

Mukafika ku South Bend n'kufunsa Amalawi akumeneko kuti a Lyson Chikhasu ndi ati, palibe amene angakuuzeni kuti ndi bambo aja amakankha odwala pa machira m'chipatala cha m'tauni, chonsecho ntchito imene yawadyetsa zaka zonsezi ndi yomweyo. Aliyense adzangoti, "Aja a maliro aja." Ndipo sanena monyoza ayi. Mmalawi akatsikira kulichete kuno ku Indiana, foni yoyamba imalira kwa abusa, yachiwiri kwa a Chikhasu. Iwo ndi amene amadziwa khomo loyamba kugogoda, amadziwa mawu oyambira pouza mayi ali ku Mzimba kapena ku Thyolo kuti mwana wawo sadzabweranso ndi miyendo yake, ndipo ndi amene amaimirira pasiwa kufotokoza mmene imfa yayendera.

Pajatu kwathu munthu samangofa n'kukwiriridwa ngati nkhuku ya chitopa. Pamaimirira wina wa kubanja, chipewa m'manja, n'kuuza khamu lonse kuti malemuwa anayamba kudandaula chakuti, tinathamangira nawo kwakuti, madokotala anayesetsa, koma Mwiniwake wawatenga. Anthu akamva zimenezo mitima imatsika, amayi n'kuyambitsa nyimbo. Imfa yopanda chifukwa chodziwika imasiya mpata, ndipo pakamwa pa anthu sipachedwa kuudzaza mpata umenewo. A Chikhasu ankazidziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake asanaimirire pa maliro alionse ankayamba afunsa achibale, anamwino, ngakhale oyandikana nawo nyumba, kuti pofotokoza asasiye poti wina n'kulowetsapo zake.

Anabadwira ku Linthipe m'boma la Dedza, ndipo ku America anabwera zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto, kutsatira akazi awo a Lucia amene anapeza ntchito ya unamwino. Anabwera ndi maloto a sukulu, monga amabwerera ambiri. Sukuluyo anaiyamba ndithu, koma mwana wawo Mwaiwathu atabadwa, mashifiti n'kuchuluka, mabuku anakwera pamwamba pa kabati ndipo ali pomwepo mpaka lero. Sanadandaule. Anazolowera chisanu cha ku South Bend chija chimakwirira galimoto mpaka mwini wake osaizindikira, anazolowera kuitanidwa kuti "Lyson" ndi tiana tobadwa dzulodzuloli, koma jekete sanaisiye. Abale inu, jekete ya a Chikhasu! Kutenthe kuzizire, kaya ndi kutchalitchi kaya ndi kokagula anyezi, munthuyo ali m'jekete basi. Anyamata ankawanena kuti amasamba nayo, iwo n'kumangoseka, amvekere uthenga wa maliro suchenjeza, uzikupeza utavala.

Kumudzi anasiyako mlongo wawo mmodzi, a Vainess, telala wa pakhonde pa Dedza boma, mayi wosalankhulalankhula amene analera okha mwana wawo mmodzi yekhayo, Mervin. Kwa Achewa mwana wa mlongo wako ndi wako ndithu, choncho Mervin atamaliza Fomu 4 a Chikhasu sanadikire kupemphedwa. Anamuitanitsa. Tsiku lonyamuka a Vainess anaimba foni ali pa bwalo la ndege ku Lumbadzi, ndipo sananene zambiri.

"Achimwene, ndili ndi mmodzi yemweyu. Ndamuika m'manja mwanu."

Mnyamatayo anakakhala ku Indianapolis, m'chipinda cha lendi ku Beech Grove, kuphunzira kwinaku akugwira ganyu yotsuka ndege zing'onozing'ono pa kabwalo kena kunja kwa mzinda. Amalume ake ankafuna kuti aphunzire za mankhwala, ntchito yosasowa. Koma tsiku lina woyendetsa ndege wina anamukweza kuti akangozungulira pang'ono, ndipo potsika mnyamata anali wina. A Chikhasu anakalipa, anaopseza, anatchula dzina la mayi ake, koma zinkangolowera khutu ili n'kutulukira linali. Patapita zaka Mervin anapeza chiphaso choyendetsera ndege, kenaka chophunzitsira ena, ndipo amalume omwe aja ankakalipa anayamba kuyenda ndi chithunzi chake m'foni, kuonetsa aliyense, mpaka odwala ali gone pa machira. "Mphwanga uyu. Amaphunzitsa azungu kuuluka."

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, chimanga chitauma m'minda, Mervin anaimba foni m'mawa.

"Amalume, lero musadiraive kubwera kuno, ndikubwera ndine. Ndabukitsa ndege ya kusukulu kwathu. Mukandidikire pa bwalo, mudzaone mmene mphwanu amaterera."

"Iwe, uziyenda bwino. Usathamange."

"Amalume, kumwamba kulibe maenje," anatero akuseka.

A Chikhasu anapita ku bwalo n'kukaima pa mpanda wa waya, maso ali kumwera. Kunatera ndege ina, si iyo. Kunatera inanso. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, foni ya mnyamata ikungoitana osayankhidwa. Amene anaimba pamapeto pake anali wapolisi. Ndegeyo inali itagwera m'munda wa chimanga chapakatikati pa mizinda iwiriyi, ndipo Mervin anali yekha m'menemo.

M'mawa mwake, bambo amene anatonthoza mabanja ambirimbiri analephera ngakhale kumanga zingwe za nsapato. Anawamangira ndi a Lucia. Komabe panali ntchito imodzi imene sakanatuma wina. Kubanja kwa a Chikhasu, munthu akafera patchire kapena pamsewu, mwinimbumba amapita pamalo pomwepo, kugwada, kumuitana malemuyo ndi dzina, n'kutapa dothi kamodzi kokha ndi dzanja lamanja. Dothilo amalimanga pa kansalu koyera ndipo limakalowa m'manda limodzi ndi mwini wake, kuti mzimu usatsale kuchilendo. Chimene dzanja latapa susankha, ndipo ukatapa sucheuka. A Chikhasu ndi mkulu wa mpingo, inde, koma izi sanazione ngati zolimbana ndi Baibulo. Kwa iwo kunali kungomutenga mwana kupita naye kwawo.

Anatsika ndi msewu wa 31 okhaokha, n'kupatukira m'timisewu ta m'minda mpaka anapeza tepi yachikasu itazungulira pakati pa chimanga, wapolisi mmodzi atakhala m'galimoto. Wapolisiyo anawapepesa mwaulemu koma anakana kuwalowetsa. Anati palibe wololedwa kudutsa tepi mpaka atafika a bungwe la boma lofufuza ngozi za ndege.

"Afika liti?"

Wapolisi anakweza mapewa. Wofufuza amene anayenera kubwera anali kaye pa ngozi ina, m'chigawo china. Mwina mawa, mwina mkuja.

Mwini munda, nkhalamba yachizungu dzina lake Eugene, anali ataima chapafupi ndipo anawamvera chisoni. Anawatenga n'kuyenda nawo m'mphepete mwa msewu wafumbi, kutali ndithu ndi tepi ija, kenaka analoza m'mwamba. Anati dzulo anali apa pomwe pamene ndegeyo inkadutsa bwinobwino pamutu pake, ndipo apa pomwe ndi pamene anaiona ikuweramitsa mphuno mwadzidzidzi. A Chikhasu anaganiza kuti ngati pamene mwana anagwera pali poletsedwa, pamene anayambira kugwa pakwanira. Anavula chipewa n'kugwada pakati pa mapesi.

"Mervin, ndine malume ako. Kuno si kwanu, mwanawe. Dzuka, tiye kwathu, mayi ako akukudikira."

Anatapa. M'dothimo zala zawo zinakhudza kanthu kolimba, kozizira: kachitsulo kotalika ngati chala chachikulu, kokhala ndi kabowo mbali imodzi, mbali inayo kothyoka. Anakaona ndithu. Koma m'minda ya kuno tizitsulo togwa ku mathirakitala tili mbwee, ndiponso chimene dzanja latapa susankha. Anamanga kansalu, anakaika m'thumba la jekete, n'kubwerera ku galimoto osacheuka, Eugene akuwayang'ana modabwa kuti munthu waulemu chotere wachoka bwanji osatsanzika.

Anaperekeza bokosi mpaka ku Linthipe. Itafika nthawi yofotokoza imfa anaimirira, chipewa m'manja monga mwa nthawi zonse, ndipo munthu amene sanasowepo mawu pa maliro a ana a eni ake anangoti kakasi pa maliro a mphwake. Sakanati anadwala. Sakanati madokotala anayesetsa. Anangoti, "Ndege inagwa. Chimene chinaigwetsa sitikuchidziwa. Boma la kumeneko likufufuza, ndipo lipoti likatuluka ndidzakuuzani ndine." Nyimbo inachedwa kuyamba tsiku limenelo. Kumanda anapereka kamtolo kaja kwa adzukulu, ndipo iwo anakaika m'dzenje pambali pa bokosi, chakumutu.

Anthu asanabalalike n'komwe manong'onong'o anali atayamba. Ena ankati mnyamatayo ankadzionetsera, si mukuwadziwa anyamata a masiku ano. Ena, opanda manyazi, ankaloza a Chikhasu ndi milomo, amvekere munthu sangakhale ku America zaka zonsezi osakhwima, ndipo wokhwima amayambira pa mphwake. Koma anthu ndi oipa, abale! Munthu walira mpaka maso kutupa, inu n'kumamusenzetsa mtembo pamutu. A Vainess sanalowe nawo m'zimenezo. Atameta, anawaitanira mchimwene wawo kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, za anthu zisiyeni. Ine ndikufuna chinthu chimodzi. Mwana wanga analakwitsa yekha, kapena ndege inamupereka? Ndikadziwa chimenecho ndigona tulo."

"Mudzadziwa, achemwali. Kuja zinthu amazifufuza mpaka pansi penipeni."

Analonjeza ndi mtima wonse, poti nawonso ankakhulupirira choncho.

Koma ndiye anadikira! Dziko lino ndege zake zili ngati mbalame pa mapira, ndipo zing'onozing'onozi zimagwa apa ndi apo nkhani yake osafika n'komwe pa wailesi. Ozifufuza ndi owerengeka. Amene anayamba nkhani ya Mervin anali bambo wachikulire wa mawu ofatsa; chisanu chisanathe anapuma pa ntchito, ndipo pampando wake sipanakhale munthu. Nkhani inapita kwa wina, amene asanaitsegule n'komwe anatumizidwa ku ngozi yaikulu, ya anthu ambiri, yoonetsedwa pa kanema. A Chikhasu akaimba foni pa nthawi yopuma, ataima m'khonde la chipatala, ankayankhidwa ndi ulemu wokhawokha: kafukufuku akupitirira, tikupepesa chifukwa cha kuchedwa. Ulemu sukhutitsa, abale. Akuluakulu a m'maofesi aatali ankangokokanakokana pa nkhani yolemba anthu ntchito, lero avomera mawa aimitsa, kuiwala kuti mutu umodzi susenza denga. Iwowo sankadziwa kuti pa Dedza pali mayi amene makina ake osokera ayamba kuchita dzimbiri.

Mwini sukulu ya ndege ija naye sanathandize. Pa mwambo wokumbukira Mervin ku Indianapolis analankhula zabwino zambiri, koma pomaliza anaponyamo kuti ndege zake zimasamalidwa kwambiri ndipo ngakhale katswiri amaphonya. Mawuwo anawalasa a Chikhasu mumtima. Anangowameza.

Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, foni inkalira.

"Latuluka, achimwene?"

"Silinatuluke."

"Chabwino. Moni kwa alamu."

Mvula inagwa ku Dedza n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Pakatipa kunagwa maliro ena pakati pa Amalawi a kuno, a mayi wina wa matenda a shuga, ndipo a Chikhasu anaimirira n'kufotokoza zonse mwatsatanetsatane, kuyambira tsiku limene mwendo unatupa. Anthu anawayamika. Iwo atalowa m'galimoto analira ngati mwana, osati kulira malemuwo, koma nsanje. Inde, nsanje! Ankachitira kaduka banja limene limadziwa chimene chinapha munthu wawo.

M'mwezi wa Epulo, mitengo itayamba kuphukira, kunaimba mayi wina dzina lake Melissa. Anati ndiye wofufuza wachitatu kulandira nkhaniyo, ndipo ngati a Chikhasu angafune, abwere ku Indianapolis adzaone okha pamene kafukufuku wafika.

Anakamupeza m'shedi yaikulu yosungiramo zotsalira za ndege, chakufupi ndi tauni ya Speedway. Anali mayi wa msinkhu wapakati, nsapato zake zili matope okhaokha, maso ofiira ngati munthu wogwira mashifiti awiri. A Chikhasu maso otero amawadziwa bwino. Pa simenti anali atayala zidutswa za ndege ya Mervin mwadongosolo, monga mmene telala amayalira nsalu yodula. A Chikhasu anavula chipewa.

Melissa analankhula Chingerezi chosavuta, pang'onopang'ono. Injini inalibe vuto. Mafuta analimo. Nyengo inali bwino tsikulo, ndipo m'magazi a mnyamata sanapezemo kanthu. Kenaka anawatengera kumchira wa ndege, anagwada, n'kuwaonetsa waya wochokera ku chiwongolero kupita ku chipsepse chimene chimakweza ndi kutsitsa mphuno ya ndege. Pamene wayayo amayenera kulumikizana ndi chipsepsecho panali mpata.

"Apa pamakhala kachitsulo kolumikizira," anatero Melissa. "Sitinakapeze. Mbali yotsalayi inapsa, singatiuze kanthu. Koma ndikanangoona pothyokera pa kachitsuloko, ndikanadziwa. Ngati kanali ndi mng'alu wakale, ndiye kuti kanathyokera m'mwamba, ndipo mphwanu sakanachitapo kanthu ngakhale akanakhala katswiri wotani. Ngati kanathyoka ndege itamenya pansi, ndiye kuti maso athu abwerera kwa woyendetsa."

"Ndi kotalika bwanji?" anafunsa a Chikhasu.

Melissa anatukula chala chachikulu. "Ngati ichi. Kali ndi kabowo mbali imodzi."

Mayo ine! A Chikhasu anangokhala pa simenti pomwepo ndi jekete yomwe. Nthawi yonseyi akhala akudandaula za kuchedwa kwa boma, akuimba mafoni, akuuza mlongo wawo kuti apirire, chonsecho chinthu chimene aliyense akufuna anachinyamula okha m'thumba, kuwoloka nacho nyanja, n'kukachikwirira ku Linthipe. Akanatha kukhala chete. Eugene sanaone chimene chinali m'dothi, ndipo adzukulu sanamasule kansalu. Koma munthu amene moyo wake wonse wakhala akuuza anthu zoona za imfa sakanayambira pa mphwake kubisa. Anafotokoza zonse: za mwambo, za wapolisi ndi tepi, za malo amene Eugene analoza, ndi za kamtolo kamene kali pambali pa bokosi.

Melissa anamvetsera osawadula mawu. Anafunsa za malo enieniwo, ndipo atamva kuti kunali kumsewu, kutali ndi pamene ndege inagwera, anatseka maso kwa kanthawi.

"Ndiye kuti kanagwa ndege ikadali m'mwamba?" anafunsa a Chikhasu.

"Mwina. Koma ndege ikamenya pansi zidutswa zimaulukira kutali. Mwinanso kanali ka thirakitala. Sindingalembe chimene sindinachione." Anapukusa mutu. "Musadzipweteke nokha, bambo. Tikanafika tsiku lomwelo, tepi ikanafika mpaka kumsewu ndipo kachitsuloko tikanakatola ife. Tinalibe munthu woti timutume."

Kenaka anawauza mmene zinthu zilili. Kumapeto kwa mwezi wotsatira akumusamutsira ku chigawo china kumene ofufuza atheratu, ndipo amuuza kuti atseke nkhani zonse zakale asanachoke. Kachitsuloko kakapezeka msanga, akatumiza kokayeza. Ngakhale kachite dzimbiri, pali makina amene mwina angaonebe. Kakapanda kupezeka, alemba kuti chimene chinachititsa ngozi sichinadziwike, ndipo nkhaniyo sidzatsegulidwanso.

Ulendo wobwerera ku South Bend sanayatse wailesi. Anafika dzuwa likadalipo n'kuwapeza a Lucia akupinda zovala pabalaza. Atamva nkhaniyo, a Lucia anasiya malaya ali m'manja kugwa pansi.

"Bambo a Mwai, mukunena za kufukula manda? Inuyo? Anthu omwe aja amakunenani za kukhwima akamva kuti mukufuna kanthu m'manda a mwana, mudzapondanso ku Linthipe?"

"Zanga zilibe kanthu."

"Nanga alamu? Muwapha kawiri. Bwanji osangodikira lipoti lituluke, n'kuwauza kuti akuti sizinadziwike, basi? Si bodza limenelo."

"Si bodza, mayi, koma si zoona zonse. Mwana ndi wawo, funso ndi lawo. Kutapa ndinatapa ndine, koma kusankha asankhe okha."

Nkhani yotere siyenera pa foni. Imafuna mkeka, ndi akuluakulu awiri atatu okhala pambali kuti wina akagwa amugwire. Koma nthawi inali itawathera. Loweruka m'mawa a Chikhasu anasamba, anavala malaya oyera ndi jekete yakuda ya pamaliro, anakhala pa tebulo la m'khitchini n'kuimba pa vidiyo. Ku Dedza kunali masana. A Vainess anali pakhonde, mpango kumutu, atawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Ataona mavalidwe a mchimwene wawo anaweramira pafupi ndi foni.

"Latuluka?"

"Silinatuluke, achemwali. Koma ndili ndi mawu. Khalani pansi."

"Ndakhala kale."

Anafotokoza monga amafotokozera pasiwa, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osalumpha, osadziikira kumbuyo. Anafotokoza za shedi ija, za mpata wa kumchira, za chala cha Melissa. Pomaliza anati, "Yankho la funso lanu mwina lili m'manda, pambali pa bokosi. Ndinaliikamo ndine, ndi manja angawa, osadziwa. Mukalola, ndibwera, tikapempha chilolezo, adzukulu akumbe. Mukakana, atseka nkhani, ndipo sitidzadziwanso mpaka kalekale."

Pa foni pankamveka njinga zamoto zikudutsa pamsewu, ndi mwana wina akutsatsa mandasi.

"Akakumba, khasu lifika pa bokosi?" anafunsa a Vainess.

"Lifika."

"Ndiye mwati mwina. Mwina ndi ka ndege, mwina ndi ka thirakitala."

"Ee, mwina."

"Achimwene, inu munakagwira m'manja. Munakaona ndi maso anu. Ndiuzeni inuyo. Kanali kothyoka kale, kapena ayi?"

Apa ndiye panali pa mayesero. Mawu amodzi okha akanawagonetsa tulo mlongo wawo, ndipo palibe akanawatsutsa. A Lucia, ataima pakhomo la khitchini, ankawayang'ana ndi maso opempha. A Chikhasu anafunafuna m'mutu mwawo mmene pothyokera paja pankaonekera, koma chimene anapeza ndi kuzizira kwake pa zala basi.

"Sindikudziwa, achemwali. Ndinkalira, sindinayang'anitsitse. Ndikakunamizani, mudzagonera bodza langa."

A Vainess analira. Sikunali kulira kofuula kwa pamaliro, koma kwa munthu wotopa amene watula katundu pamalo poti si pamene amapita. A Chikhasu anawasiya alire, nawonso misozi ikutsikira m'kolala. Patapita nthawi mayiwo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mmene munamuitana m'munda muja, munamutchula dzina?"

"Ndinamutchula."

"Simunacheuke?"

"Sindinacheuke."

"Ndiye munachita zimene malume amachita." Anapumira m'mwamba. "Ndafuna kudziwa, Mulungu ndi mboni, ndafuna mpaka mtima kuwawa. Koma mwana wanga anagwa kamodzi, zakwana. Sindingalole khasu limugunde pamutu chifukwa cha mwina. Auzeni amayiwo atseke."

"Achemwali, dzina lake litsala ndi funso. Anthu azinenabe."

"Anena mpaka atatopa. Funsolo ndisenza ndine, ndine ndinamubereka. Inu musenze lanu."

A Vainess anadula foni. A Chikhasu anakhalabe pa tebulo paja, manja ali pa maondo, mpaka tiyi amene a Lucia anawaikira anazizira.

Lolemba, pa nthawi yopuma, anaima pa zenera la m'khonde la chipatala n'kuimbira Melissa. Foni inaitana nthawi yaitali. Itayankhidwa kunkamveka mphepo yamphamvu, mawu akungodukaduka. Melissa anali m'munda wina, m'chigawo china. Ndege ina yaing'ono inagwa kumapeto kwa sabata, ndipo iye anali atangofika kumene.

A Chikhasu anamuuza yankho la mayi wa mwana. Melissa anati wamva, ndipo akupepesa kwambiri. Anati ayenera kudula, chifukwa abale a womwalirayo afika ndipo aima kunja kwa tepi, akumudikira.

"Mayi," anatero a Chikhasu, "thamangani mukawapeze. Muwalole alire, muwalole agwade. Koma chonde, muwauze asatole kanthu."